Mzamba alembe dzina la mayi uti? Achipatala aphunzitsidwe malamulo a kuberekerana ana

Pepala loyamba lonena kuti mwana uyu mayi wake ndi uje limalembedwa m'wodi ya amayi oyembekezera, ndipo wogwira cholembera amakhala mzamba. Kuyambira mu 2015, pomwe lamulo la kalembera wa dziko la 2010 linayamba kugwira ntchito, mwana aliyense wobadwa m'Malawi muno ayenera kulembetsedwa, ndipo wobadwira kuchipatala fomu yake imayambira komweko isanapite ku National Registration Bureau. Zomwe mzamba walemba tsiku limenelo ndi zomwe zimadzaoneka pa chiphaso cha kubadwa, pa chitupa cha unzika, pa pasipoti, mpaka pa mlandu wa chuma chamasiye mwanayo atakula. Kwa ana pafupifupi onse palibe chozunguza mutu, wabereka ndiye mayi. Koma lidzafika tsiku, ndipo kwa anzathu m'maiko ena a mu Africa linafika kale, lomwe mzamba wa kuno ku Mzuzu adzapeza amayi awiri pa bedi limodzi, wina ali gone atangochira kumene, wina ataima pambali ngati gadiyani, onse awiri n'kumupempha kuti alembe dzina la woimirirayo. Adzamuuza kuti dzira linali la ameneyo, kuti anagwirizana kalekale, mwinanso adzatulutsa pepala lomwe anasainirana. Mzambayo adzakhala yekha, pakati pa usiku, popanda womufunsa nzeru.

Ine ndikuti anamwino, azamba, makilinikala ofesala ndi madokotala athu aphunzitsidwe malamulo okhudza kuberekera munthu wina mwana, komanso kutenga pakati ndi umuna kapena dzira la munthu wina. Aphunzitsidwe panopa. Tisadikire kuti Nyumba ya Malamulo iyambe yakhazikitsa lamulo lapadera la nkhaniyi, lomwe mpaka lero tilibe.

Ndikudziwa yankho loyamba lomwe ndilandire. Ena anena kuti m'dziko lomwe zipatala nthawi zina zimasowa magolovesi ndi mankhwala a BP, kukamba za IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna mu labotale kenako n'kuika mluza m'chiberekero, n'kutaya nthawi, ndi nkhani ya azungu ndi anthu a ndalama. Yankho limeneli ndimalimvetsa, koma limaiwala kukula kwa vuto lomwe limakankhira anthu ku njira zimenezi. Mu Epulo 2023 bungwe la WHO linatulutsa lipoti lonena kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina m'moyo wake, ndipo kusiyana kwa maiko n'kochepa zedi: 17.8 peresenti m'maiko olemera, 16.5 peresenti m'maiko ngati lathuli. Zoyambitsa zake kuno tikuzidziwa. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana akapanda kuchiritsidwa msanga amatseka njira za mazira. Matenda olowa m'chiberekero mayi akachotsa pakati mobisa, kapena akachirira pamalo posasamalika, amachita chimodzimodzi. Likodzo, lomwe lili ponseponse m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Karonga, limawononganso ziwalo zoberekera za amayi, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Ndiye pali abambo. Pa mabanja osowa ana, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna, koma ambiri kukayezetsa amakana, n'kusiya mkazi kuti azitchedwa chumba pamaso pa apongozi.

Kumpoto kuno, komwe ambiri amalowola, ululu wake umakula. Ng'ombe zinapita, zaka zikudutsa, mwana sakuoneka. Akuchimuna amayamba ndi manong'onong'o, kenako amalankhula poyera, mapeto ake pakhomo pamafika mkazi wachiwiri. Munthu amene wafika pamenepo amayesa chilichonse, asing'anga, aneneri, mapemphero a usiku wonse, ndipo akamva kuti ku Johannesburg amathandiza, amagulitsa puloti n'kukwera basi.

Tisanamizanenso kuti kubereka mothandizidwa ndi munthu wachitatu kunabwera ndi azungu. Louise Brown, mwana woyamba wa IVF, anabadwa ku England mu 1978, koma makolo athu anali atapeza kale njira zawo. Mwamuna akakhala gojo, akuluakulu ankagwirizana mwachinsinsi kuti fisi alowe m'nyumba usiku, ndipo mwana wobadwayo ankatenga dzina la mwini nyumba popanda wofunsa. Mkazi akakhala wosabereka, akwawo nthawi zina ankapereka mng'ono wake kuti aberekere banjalo, ndipo kuno timamva mayina monga mbirigha ndi hlazi. Miyambo imeneyi inapweteka atsikana ambiri omwe sanafunsidwe maganizo awo, inafalitsanso HIV, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 linachita bwino kuiika pa mndandanda wa zoletsedwa. Koma titaletsa zimenezo, banja losowa mwana sitinalipatse china chogwira, ndipo chilakolako cha mwana sichinathe chifukwa aphungu asainira lamulo. M'maiko ambiri lero anthu akupezana pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp, wina n'kupereka umuna m'kabotolo, mayi n'kudziika yekha ndi sirinji yogula ku famase. Zimenezi sizifuna labotale, ndipo mafoni omwewo ali m'manja mwathu.

Opita kunja aja nawonso amabwerera. Mabasi a ku Joni sasiya kunyamula anthu a ku Mzimba ndi a kuno. Dar es Salaam n'pafupi ukadutsa pa Songwe, Nairobi si kutali, ena amafika mpaka ku India. Pakati pakagwira, sikelo amadzayambira kuno, pa chipatala cha Mapale, cha St John's kapena cha Mzuzu Central, ndipo mwana amadzabadwira m'manja mwa azamba athu. Kaya chithandizocho chinaperekedwa kuti, mapeto ake amatipeza m'wodi zathu.

Zomwe zimachitika achipatala akadzidzimutsidwa zinaoneka ku Kenya, dziko lomwe panthawiyo linalibenso lamulo la nkhaniyi. Mayi wina anaberekera banja lina mapasa pa chipatala china cha ku Nairobi. Atatuwo anali ogwirizana, panalibe wokangana ndi mnzake. Vuto linabuka pa fomu, kuti alembepo ndani ngati mayi. Achipatala anadziwitsa ofesi ya boma yoona za ana, ndipo ofesiyo inatenga makandawo n'kukawaika ku nyumba yosungira ana. Panafunika makhothi kuti anawo abwerere, ndipo mu 2014 khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti ofesiyo inaphwanya ufulu wa anthuwo, n'kunena kuti dziko likufunika lamulo. Achipatala ajawo sindikuwaimba mlandu. Anachita zomwe munthu aliyense wosauzidwa chochita amachita, kukankhira nkhani kwa wina. Koma ovutika anali makanda awiri omwe anasiyanitsidwa ndi onse amene ankawafuna.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba lija: muwaphunzitsa chiyani poti lamulo palibe? Apa ndi pomwe ambiri timasokera. Lamulo lapadera kulibedi, koma malamulo ogwira nkhaniyi cham'mbali alipo angapo, ndipo woyamba kukodwa nawo ndi wachipatala yemweyo.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 22, amapatsa mwamuna ndi mkazi aliyense ufulu wokwatira ndi kukhazikitsa banja. Gawo 23 limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana momwe anabadwira, limati mwana ali ndi ufulu wa dzina ndi unzika, ndipo limaonjezera kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Ufulu wodziwa makolowu namwino aliyense ausunge pamtima, chifukwa akabisa kapena kusintha mbiri ya kubadwa kwa mwana, waupondereza ndi umenewu. Lamulo la kalembera lija limaletsa kupereka uthenga wabodza polembetsa. Mzamba wolemba kuti wachira ndi mayi amene sanachire, ngakhale atachita chifukwa cha chisoni chenicheni, walemba bodza pa pepala la boma, ndipo saini ili pansipo ndi yake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kugulitsa mwana, limapatsanso khothi mphamvu yogamula kuti kholo la mwana ndani pakakhala mkangano. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 lili ndi chilango chofika zaka 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu, zaka 21 kwa wozembetsa mwana, ndipo mlandu ukakula munthu atha kuthera moyo wake wonse kundende. Ndalama zikadutsa m'manja, khanda n'kutuluka pa geti la chipatala ndi munthu amene sanalibereke, wapolisi adzayamba ndi malamulo amenewa, za dzira adzamva pambuyo.

Njira yomwe malamulo athu amaidziwa yosamutsira ukholo kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina ndi ya kukhothi, pansi pa lamulo lotengera ana lomwe tinalandira kwa atsamunda. Ambiri tikukumbukira momwe lamulo lokalambalo linavutira mu 2009, khothi lalikulu litakaniza Madonna kutenga mwana wachiwiri, khothi la apilo n'kumulola patangopita miyezi iwiri. Ngati oweruza ophunzira anasiyana maganizo chotero pa nkhani yomwe lamulo lake lilipo, n'kulakwa kuyembekezera kuti namwino wongomaliza kumene sukulu aganiza yekha molondola pa nkhani yomwe lamulo lake kulibe. Pomwe zofunika kuti adziwe n'zosavuta kuphunzitsa. Alembe zoona, kuti wachira ndi uyu. Alembe m'faelo zonse zomwe wauzidwa. Aitane a ofesi yosamalira anthu. Aliuze banjalo mwaulemu kuti pepala lomwe anasainirana kunyumba silisintha dzina la mayi, wosintha ndi khothi. Asawathamangire ndi apolisi ngati akuba pomwe palibe chizindikiro cha malonda, komanso asawathandize kudutsa njira yachidule ngakhale amulirire bwanji.

Poti anthu athu ambiri amalowera kumwera, wachipatala adziwekonso lamulo la South Africa, lomwe lili m'mutu 19 wa Children's Act ya 2005. Kumeneko mgwirizano woberekerana uyenera kulembedwa ndi kuvomerezedwa ndi khothi lalikulu mayi asanatenge pakati. Dzira kapena umuna uchokere kwa mmodzi mwa ofuna mwanawo, mfundo yomwe khothi la malamulo aakulu a dzikolo linaitsimikiza mu 2016. Woberekerayo akhale woti ali kale ndi mwana wake wamoyo, ndipo salipidwa kupatula kumubwezera zomwe wawononga ndi zomwe wataya chifukwa cha pakatipo. Mmodzi mwa ofuna mwanawo akhale wokhazikika m'dzikomo. Zonsezi zikatsatidwa, mwana amakhala wa ofunawo kuyambira pomwe wabadwa. Zikapanda kutsatidwa, lamulo limamuona ngati mwana wa amene wamubereka. Mfundo ya kukhazikika m'dzikomoyi ndi yomwe ingapulumutse banja la ku Katoto kapena ku Luwinga lomwe dobadoba wina waliuza kuti lingotumiza ndalama, zonse zikakonzedwa ku Joni. Namwino wodziwa atha kulichenjeza puloti isanagulitsidwe.

Maiko ena anasankha njira zina. Ku Britain wobereka ndiye mayi mwalamulo mpaka khothi litasamutsa ukholo, ndipo chilolezo chake chopereka mwanayo sichiwerengedwa masabata 6 asanathe chichirireni. Ghana inaika nkhaniyi m'lamulo lake lolembetsa kubadwa ndi imfa la 2020. Italy mu 2024 inafika poti nzika yake ikakachita zimenezi kunja, pobwerera ili ndi mlandu. Mwana wobadwira pakati pa malamulo awiri osagwirizana atha kutsala wopanda pasipoti ya dziko lililonse.

Chomwe chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi amayi osauka. Mbiri ya malonda amenewa ikuonetsa kuti amasamuka. India inali msika waukulu mpaka boma litaletsa alendo mu 2015, kenako n'kukhazikitsa lamulo la 2021 loletsa kuberekera ena chifukwa cha ndalama. Thailand inatseka mu 2015, patangopita chaka dziko lapansi litamva za mwana wobadwa ndi Down syndrome yemwe anatsala ndi mayi womuberekayo pomwe mlongo wake wamapasa anatengedwa kupita ku Australia. Nepal ndi Cambodia zinatsatira. Kwina kukatsekedwa, amalondawo amasaka dziko lomwe lamulo lili chete, ndalama yake ndi yofooka, ndipo amayi ake ali pa umphawi. Malawi ali ndi zonse zitatu. Mayi wa ku Mchengautuwa kapena ku Masasa yemwe akulera yekha ana atatu ndi geni ya nthochi, akauzidwa za madola, adzavomera wolankhulayo asanamalize. Tinaona kale atsikana athu akupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukazunzika m'nyumba za eni. Olonjezawo sanathe.

Pakati si ganyu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 439 amamwalira ndi zovuta za uchembere. Woberekera wina amalowa m'chiopsezo chomwecho, nthawi zina choposa. Madokotala akaika miluza iwiri kapena itatu kuti mwayi ukule, mapasa amachuluka, ana obadwa masiku asanakwane amachuluka, opaleshoni nayonso imachuluka. Pakati pa dzira la munthu wina pamabwera kawirikawiri ndi BP yokwera. Wopereka mazira amabayidwa mankhwala okhwimitsa mazira ambiri nthawi imodzi, ndipo ena mankhwalawo amawatupitsa mimba ndi madzi mpaka kugonekedwa. Lamulo la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limalamula wachipatala kupereka uthenga wonse wofunika kuti munthu asankhe yekha pa za uchembere, ndi kutenga chilolezo chake cholembedwa. Wodwala wa mzamba ndi mayi amene ali ndi pakatiyo. Wolipira bilu alibe mphamvu pa thupi la mayiyo. Sangalamule opaleshoni, sangaikanize, sangaone faelo mwiniwake asanalole, sangamuyankhire mafunso.

Namwino wophunzitsidwa amadziwa kutulutsa onse m'chipinda n'kutsala ndi mayiyo yekha, n'kumufunsa m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chinkhonde ngati ndicho chilankhulo chake: "Mama, mwavomera nokha? Chitupa chanu chili ndi ndani? Mukudziwa kuti mukhoza kukana?" Amadziwanso kuona zizindikiro, monga gadiyani amene amayankha funso lililonse, mayi amene sadziwa dzina la malo omwe akugona, kabuku ka sikelo kolembedwa dzina losiyana ndi lomwe mayiyo amavomera akaitanidwa. Chomalizachi achidziwe ngakhale kalaliki wa pa windo, chifukwa njira yachidule yosavuta kwambiri ndiyo kuyambitsa sikelo ndi dzina la mayi winayo kuyambira mwezi woyamba. Kuopsa kwake sikuthera pa malamulo. Gulu la magazi, zotsatira za HIV, mbiri ya opaleshoni, zonse zimasakanikirana m'mabuku a anthu awiri, ndipo tsiku lofuna kuonjezera magazi cholakwikacho chikhoza kupha.

Nkhani ya umuna ndi mazira a munthu wina ndi yobisika kwambiri, komanso ndi yosavuta kuchitika. Mbali ya zaumoyo achipatala amaidziwa kale. Wopereka ayezedwe HIV, hepatitis B ndi C, chindoko. M'makiliniki osamala umuna umasungidwa mozizira kwa miyezi 6, woperekayo n'kuyezedwanso usanagwiritsidwe ntchito, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Kabotolo kopezeka pa WhatsApp sikadutsa njira imeneyi. Kuno kwathu tionjezerepo sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, poti anthu awiri ooneka athanzi onyamula chibadwa chake, pa pakati paliponse pamakhala chiopsezo cha 1 mwa 4 chobereka mwana wodwala.

Mbali ya malamulo ndiyo yosiyidwa. Ku Britain munthu mmodzi saloledwa kuthandiza mabanja opitirira 10. Ku Netherlands, mu 2023, khothi la ku The Hague linalamula bambo wina kusiya kupereka umuna atabereka kale ana osachepera 550, ndipo m'dziko lomwelo mu 2019 DNA inatsimikiza kuti dokotala wina wa kiliniki yothandiza osabereka ankagwiritsa ntchito umuna wake womwe, n'kubereka ana osachepera 49. Amenewa ndi maiko okhala ndi malamulo ndi mabuku. Mzinda wa Mzuzu pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu 221,272. Mu mzinda waung'ono chotere, wopereka mmodzi wosalembedwa paliponse ndi wokwanira kuti pakatha zaka 20 mnyamata ndi mlongo wake akumane pa sukulu imodzi, akondane, akwatirane, osadziwa. Ife amene timafunsa chiwongo ndi mudzi wa munthu tisanayambe zaukwati tiyenera kumva kulemera kwa zimenezi msanga kuposa wina aliyense.

Ndipo mwanayo, akadzakula? Britain inathetsa chinsinsi cha opereka mu Epulo 2005, ndipo oyamba mwa ana obadwa pansi pa lamulo latsopanolo anakwanitsa zaka 18 mu 2023, msinkhu womwe amaloledwa kufunsa dzina la woperekayo. South Africa imalola mwana kudziwa mbiri ya zaumoyo ya woperekayo koma osati dzina lake. Ine ndili kumbali ya mwana. Munthu ali ndi ufulu wodziwa komwe magazi ake anachokera, ndipo masiku ano, poti kuyeza DNA kwafika pafupi, chinsinsi chotere sichikhalitsa. Chimaululika pa maliro, pa mkangano wa munda, kuchokera pakamwa pa munthu wokwiya. Wachipatala asalonjeze banja lililonse kuti izi sizidzadziwika mpaka kalekale, chifukwa lonjezolo sangalisunge. Awathandize kuganizira momwe adzamuuzire mwana okha, nthawi ikadali yabwino.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe zimaoneka ngati zikutsutsana, ndipo maphunziro abwino ayenera kuzilekanitsa. Chinsinsi chisungidwe kwa aneba, kwa apongozi, kwa anzathu a kukwaya. Mu mzinda womwe namwino ndi wodwala amagula tomato pa msika umodzi ndi kupemphera tchalitchi chimodzi, mawu amodzi otayika akhoza kupasula banja. Koma mbiri yeniyeni ilembedwe ndi kusungidwa bwino, kuti mwini wake adzaipeze. M'mabanja olowola munda, ng'ombe, ngakhale ufumu zimatsata bambo. Bamboyo akamwalira, abale akamva mphekesera, mwana amapirikitsidwa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana a womwalirayo, koma pakabuka funso lakuti mwanayu ndi wake kapena ayi, pamafunika umboni. Ku South Africa lamulo limanena poyera kuti ngati mwamuna ndi mkazi anavomereza onse, mwana ndi wawo, ndipo woperekayo alibe gawo. Ife mawu otere tilibe. Ndiye chilolezo cholembedwa cha mwamunayo, chosainidwa pamaso pa mboni n'kusungidwa m'faelo, chikhoza kudzakhala chinthu chokhacho chomwe mayi wamasiye angakaonetse kukhothi. Kilinikala ofesala amene sanauzidwe zimenezi sangaganize zochitenga.

Otsutsa achitatu ndi a mipingo, ndipo mawu awo kuno kumpoto ndi olemera, chifukwa zipatala monga St John's, Ekwendeni, Embangweni ndi David Gordon ku Livingstonia ndi za mishoni. Mpingo wa Katolika unanena momveka m'chikalata chake cha 1987 kuti suvomereza IVF kapena kuberekerana, ndipo Papa Francis mu Januwale 2024 anapempha maiko onse kuti aletse kuberekerana. Owerenga Baibulo akudziwanso zomwe zinamuonekera Hagara, wantchito amene anaperekedwa kuti aberekere Sarai, n'kudzathera m'chipululu ndi mwana wake. Nkhawa zimenezi ndimazilemekeza, ndipo zina ndi zanga zomwe. Sindikupempha chipatala cha mishoni kuti chiyambe kupereka chithandizo chomwe chikhulupiriro chake chimakana. Koma mayi akafika pa geti matenda atayamba, amalandiridwa, mwana amabadwa, fomu imadikira. Mzamba amene amadana ndi mchitidwewu ndi mtima wake wonse akufunikabe kudziwa zoyenera kulemba, woyenera kumuitana, ndi momwe angatetezere Hagara wa lero. Timaphunzitsa anamwino kusamalira mayi wochotsa pakati mobisa ngakhale lamulo ndi mpingo zimakana kuchotsako, ndipo palibe amene amati kuphunzitsako n'kulimbikitsa.

Chosangalatsa n'chakuti ntchito imeneyi siifuna makina kapena ndalama zakunja. Mzuzu ali ndi zonse zofunika pafupipafupi. Pali yunivesite ya Mzuni, pali sukulu ya anamwino ya St John's, pali koleji ya St John of God yomwe imaphunzitsa za umoyo wa m'maganizo ndi uphungu, anthu enieni ofunika kwa banja lomwe lalira zaka zambiri ndi kwa mayi amene wapereka khanda lomwe analinyamula miyezi 9. Pamtunda pang'ono pali koleji ya Ekwendeni. Mu mzinda momwemuno muli nthambi ya khothi lalikulu, ofesi ya Legal Aid Bureau, ofesi yosamalira anthu ndi ya kalembera. Kusonkhanitsa loya, mzamba wamkulu, wa ofesi yosamalira anthu ndi wa kalembera m'chipinda chimodzi kwa tsiku limodzi, n'kuyenda nawo ophunzira m'nkhani zoyerekeza, n'kotheka chaka chino. Pamapeto pake patuluke tsamba limodzi lomatidwa pakhoma la wodi, lonena zochita ndi nambala yoimba usiku. Nurses and Midwives Council of Malawi ndi Medical Council of Malawi amafuna kale kuti wogwira ntchito aonetse maphunziro oonjezera asanalandire chiphaso chatsopano, ndiye njira yofikira omwe anatuluka kale m'sukulu ilipo. Alangizi a zaumoyo asaiwalike, poti kumudzi funso loyamba limafika kwa iwo.

Lamulo lapadera lidzafunikabe, ndipo maganizo anga ndiwanena poyera. Liletse malonda ndi madobadoba, liletse alendo kudzasaka amayi athu, lifune kuti khothi livomereze mgwirizano pakati pasanayambe, liike malire pa chiwerengero cha mabanja omwe wopereka mmodzi angathandize, ndipo likhazikitse kaundula yemwe mwana angamutsegule akakula. Ena adzafuna kuletseratu zonse, ndipo mkangano umenewo ndi woyenera kuchitika. Koma Malawi Law Commission, yomwe imaunika malamulo a dziko, ikadzayamba kufunsa maganizo, ndikufuna ikapeze azamba odziwa zomwe akunena, otha kufotokoza zomwe aona m'wodi, kuti lamulo lisadzakhale longokopera kwa ena. Ndikupempha makhonsolo awiri aja kuti nkhaniyi aiike pa ndondomeko ya maphunziro oonjezera a chaka chamawa, ayambe ndi oyang'anira mawodi oberekera pa Mzuzu Central, kenako afike ku Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma. Karonga ndi Chitipa zikhale patsogolo pa maboma onsewa, chifukwa ndi komwe khanda likhoza kudutsa malire a dziko tsiku lomwelo lomwe latuluka m'chipatala.